Geti Lotsegukira Wopanda Dzina

Lolemba

Pali chinthu chikudutsa pa geti la kompleksi ino ndipo chilibe dzina. Ndikulemba mwana wanga Tadala ali kumsana, sindimutsitsa.

Madamu apita ku Durban, andisiyira nyumba ndi galu. Ine changa ndi ubatizo wa Tadala Lamulungu ku Tsakane. Zofunika:
diresi loyera
kandulo
nkhuku
kukaonekera kwa akatekisiti Lachitatu

Masana ndifika pa geti, ndiika chala pa kamakina kotsegulira geti ngati kale. Kayatsa zofiira. Ndipukuta chala pa chitenje, zofiirabe. Ndibwerera. Ndisanafike pa mtengo wa mandimu, kumbuyo kwanga gwerererere, geti likutseguka lokha. Galimoto palibe, munthu palibe. Ndathawira kunyumba mpaka patapata waduka.

Lachiwiri

A Mbewe, alonda a pa geti, ndi akwathu ku Ntcheu. Akuti Loweruka lapitali kunasinthidwa kompyuta yosunga mayina a anthu a muno. Andionetsa pa sikirini. Pamene pamalembedwa dzina la wodutsa pali mawu achingerezi, akuti akutanthauza wopanda dzina.

"Mlongo, ine sindinachione, koma kompyuta yachiona."

Ndawapempha anditsegulire ndi batani lawo. Akuti lamulo latsopano, amene kompyuta siikumudziwa satuluka, salowa. "Ndikakutsegulirani, mawa ntchito yatha, ndili ku dera la Ramaphosa ndikugulitsa tomato."

Lachitatu

Ndayesa chala chachikulu. Cholozera. Chodzola vaselini. Cha dzanja lamanzere. Zofiira zokhazokha. Ndipo ndaona chinthu choopsa. Chimadikira ine. Ndikangotembenuka kubwerera, geti gwerererere. Ena akamadutsa sichibwera.

Kwa akatekisiti sindinapite. Ndaimbira bambo a Tadala kumene ali ku Alrode, angoseka. "Mzukwa wa ku Joni umalemekeza geti, sudumpha mpanda?" Aseke, iwo sagona kuno.

Ndathira mchere pakhomo. Galu wanyambita wonse.

Lachinayi

Eni nyumba nawonso amva za wopanda dzina. Agogo achizungu a pakona akuyenda ndi wenzulo m'khosi. Andiuza ndisamale kwambiri. Ndati zikomo agogo, tili pamodzi.

Diresi ndasoka ndekha ndi pilo yoyera imene madamu anandipatsa. Ndamuveka Tadala ali mtulo. Mayo ine, ngati nsanda! Ndamasula ulusi wonse. Kandulo ndatenga wa lodishedingi, uja timayatsa magetsi akazima. Nkhuku tiiwale.

Mwana wosabatizidwa, chinthu chopanda dzina. Sindikufuna kuganiza zimene chikufuna.

Lachisanu

Kwabwera sisi wa makompyuta, Msuthu, wakhala pa kreti ya a Mbewe ndi laputopu pamiyendo. A Mbewe akumasulira. Akuti chala changa chilibe mlandu. Mayina a ena anasamutsidwa bwino, langa linatsalira. Kamakina kakale kamafunsa dzina langa m'njira imene kompyuta yatsopano siilandira. Siinena kuti ndine wakuba, imangoti kagogodedwe aka sindikadziwa. Ndiye amene analemba pulogalamu ya kamakinako, m'malo moti ikakanidwa iime n'kunena vuto, anaiuza idikire pang'ono kenako itsegule popanda dzina.

Ndafunsa wopanda dzinayo ndani. Sisi wandiloza ine.

Ndiye sabata yonse geti limanditsegukira ine, ine n'kumalithawa! Ndamanga Tadala bwinobwino kuti ndidutse pompo. Sisi wati shame, pepani, wangomaliza kutseka bowo limenelo mu pulogalamu. Tsopano likakana lakana. Kuti ndilembedwe mwatsopano pafunika madamu avomereze ali pano.

Loweruka

Madamu sakuyankha foni. Atumiza chithunzi cha nyanja.

Ndimayenera kupepukidwa mtima. A Mbewe aseka mpaka kutsokomola, akunditcha amayi mzukwa. Agogo aja sandipatsanso moni. Kenako a Mbewe akuyang'ananso pa sikirini, kuseka kuja zii. Maulendo onse a wopanda dzina ndi a kamakina ka mkati, otuluka. Koma umodzi, wa Lachinayi, ndi wa kamakina ka kunja. Wolowa.

Ine kunja sindinapondeko. A Mbewe aimbira sisi uja, iye wati mwina ndi wantchito wina wakale. A Mbewe awerenga antchito onse pa zala. Onse ali ndi mayina awo.

Lamulungu

Nthawi ino ku Tsakane anzake a Tadala akuthiridwa madzi. Ife tili m'khitchini, zitseko ndakhoma, ndatsamiritsa mpando. Basi, ubatizo wapita, tidikira wina. Ndaika chala komaliza m'mawa, zofiira, geti chete. Ndinadikira ndithu ulendo uno.

Ndiye chimene chinalowa Lachinayi nachonso sichingatuluke. Tatsekeredwa limodzi. Galu wakana chakudya, akungoyang'ana kuseri kwa thanki ya madzi.

Bambo a Tadala, ndikujambula tsamba lino ndikutumizireni, musaseke. Kwerani taxi pompano, mubwere ndi akatekisiti ndi madzi odalitsa. Kulowa simulowa, ndikudziwa. Mudzaime kunja kwa geti, ine ndidzamukweza mwana m'mwamba, amuwaze kudzera m'zitsulo. Bwerani msanga.