Zipinda Zomira Zabwerera pa Webusaiti

Lolemba

Sabata ino chisokonezo chitha. Webusaiti ya loji ya a Hajati, cha ku Makokola, ndiyo ntchito yokhayo yodalirika imene ndili nayo, ndipo ndatopa kukweza mafayilo limodzilimodzi pa seva, kompyuta yosunga webusaitiyo, ngati ndikutola nyemba. Zonse za pa laputopu yanga ndaziika mu nkhokwe ya Git, pulogalamu yosungira mafayilo. Tsopano ndikangopusha, ndiye kuti kutumiza zonse kamodzin'kamodzi, seva ikufufuta zimene ili nazo n'kutenga za mu nkhokwe.

Ndapusha koyamba masana. Zatheka!

Ndawafotokozera a Hajati pa foni. Akuti, "Mwanangu, ine nkhokwe ndimadziwa ya chimanga. Bola alendo azibwera."

Lachiwiri

Magetsi kulibe. Bandulo yatha. Laputopu ili kwa ometa, kuli sola.

A Saidi, manejala wa loji, akungondifulasha. Afulashe. Wofuna kanthu amaimba.

Lachitatu

A Saidi aimba ndithu. "Achimwene, zipinda za kumchenga zabwerera bwanji?"

Kani nyanja itakwera, zipinda za m'mphepete zinalowa madzi. A Saidi analowa okha pa seva, ndi pasiwedi imene ndinawapatsa kalekale, n'kuzichotsa. Ine osandiuza. Za mu nkhokwe yanga ndi za chilimwe, ndiye kupusha kwanga kwaziukitsa zonse: zithunzi, mchenga woyera, batani losungitsira malo.

Ndipo batanilo munthu walidina. Komiti ya ukwati ya ku Blantyre yatenga zipinda zonsezo, Loweruka lino. Webusaiti yawayankha yokha kuti takulandirani. Nambala ya foni sanasiye, poti pa fomu ndinalemba ndekha kuti n'zosakakamiza.

Ndawatumizira uthenga pa imelo imene anasiya. Zii.

Lachinayi

Zochita lero:
kuchotsa zipinda mu nkhokwe,
kupusha,
kupuma.

Ziwiri zoyambazo ndachita. Chachitatu ayi. Kani m'mawa a Saidi analowanso pa seva n'kulemba chenjezo lalikulu kuti amene anasungitsa zipinda zomira aimbe msanga. Kupusha kwanga kwalifufuta. Iwo akukonza, ine ndikufufuta, ndipo aliyense akuti mnzake ndiye wosokoneza.

Ndawauza kuti asakhudzenso seva. Akuti, "Ine ndakhudza zaka zonsezi, palibe anamira."

Imelo ina. Zii. A Hajati sakudziwabe. A Saidi akuti owauza ndine, poti wopusha ndine. Ndili ndi mantha.

Lachisanu

Minibasi mpaka ku loji. Zipinda ndaziona ndi maso: madzi m'maondo, tinsomba tikuyenda pansi pa bedi. Pa foni yanga, m'chithunzi chakale, chipinda chomwecho chili ndi maluwa pa pilo.

Ndadikira a Hajati abwere ku Juma, poganiza kuti munthu wochokera kopemphera amakhala ndi mtima wofewa. Ndafotokoza zonse nditaima. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Angofunsa, "Nanga Git ameneyu, asanagwetse za mnzake, safunsa?"

Ndati safunsa, ndinamuuza ndine kuti asamafunse.

"Ndiye mawa mubwere. Muwalandira ndinu."

Loweruka

Aukwati afika ndi basi ya kosita, nyimbo zili pakamwa. Atcheyamani a komiti atsika ndi foni m'manja, akundionetsa chithunzi. "Bwana, mchenga uwu uli kuti?"

Ndaloza pamadzi.

Imelo akuti ndi ya mlamu wawo, amatsegula akafuna ntchito.

Tsiku lonse ndasenza matiresi kupita mu holo ya misonkhano. Amayi mbali ino, abambo mbali iyo, pakati makatani. A Hajati apereka chipinda chawo chenicheni kwa akwati, eni ake akagona kwa achemwali awo. Mayi wina wandifunsa ngati ndine wa makompyuta uja. Ndati ayi, ndine wa matiresi.

A Saidi akungondidutsa ndi mapilo. Msana ukuwawa. Sindikudziwabe ngati a Hajati andichotse ntchito, ndipo zimenezi ndizo zikundidya.

Lamulungu

Alendo apita. Ena akuti anasangalala, ena akuti tionana pa intaneti, akatiyalutsa kumeneko.

A Hajati andiitana pakhonde, a Saidi ali pomwepo. Ntchito sanandichotse. Angoti pa webusaiti pachoke chilichonse: zithunzi, zipinda, batani, fomu. Patsale dzina la loji ndi nambala yawo. "Wofuna malo aziimba. Ine nyanja ndimaiona m'mawa uliwonse."

Ndafunsa kuti nanga ine ndizisintha chiyani. Akuti akadzasintha nambala adzandiuza.

Ndatsegula laputopu pomwepo. Nkhokwe yonse yatsala fayilo imodzi, mizere iwiri. Ndapusha. Zatheka bwinobwino, popanda vuto lililonse.