Mmene Ndinasesera Kwaya Yathu Yonse

Mpaka lero anzanga akamatamanda luso langa pa makompyuta, mkazi wanga amayamba kutsokomola. Si chifuwa ayi. Amakhala akundikumbutsa zimene chala changa chakumanjachi chinachita zaka zija malaputopu atangoyamba kuoneka kwathu ku Chiosya.

Ndinali mphunzitsi pasekondale yoyendera. Tsiku lina anatitumiza ku maphunziro ku Lilongwe, ndipo pomaliza anatigawira chimbale cha Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, yaulere, yosagwidwagwidwa ndi mavairasi. Ndinabwerako ngati munthu wobadwa mwatsopano. Aliyense wokumana naye ndinkamulalikira za chimbalechi, n'kumadzudzula oberna mapulogalamu ndi nyimbo za eni pa zimbale kuti ndi mbava. Vuto linali limodzi lokha: laputopu ndinalibe. (Ndinali nditagula belu njinga ndisanaione.)

Ndinaoloka malire kupita ku Chipata kukasankha yakale yotchipa. Anatiphunzitsa kuti usanagule uziyamba wayesa chimbalecho, chifukwa makina ena amachikana, koma wogulitsa atangochiona anatseka laputopu yake.

"Ba boss, muno sitiyesa. Gulani, muzayesela kwanu."

Ndinabwerera chimanjamanja, koma ndili ndi nzeru. Imene inandikomera, yakuda yolemera ngati njerwa, inali yofanana ndendende ndi ya a Mwale.

A Mwale anali mlimi wa fodya komanso wotsogolera kwaya kumpingo kwathu. Laputopuyo anawatumizira ndi mwana wawo wa ku Joni. M'menemo munali nyimbo zimene kwaya inajambula pa kasitudiyo kena pa boma, ndipo woyambitsa nyimbo zonsezo anali akazi awo, a Nangozo, amene anamwalira chaka chotsatira. Chimbale sanatulutse. A Mwale sankalola kukopera munthu aliyense, kuopa kuti nyimbozo zingabedwe. Akaweruka kuchigafa ankangokhala pakhonde n'kumamvera akazi awo okhaokha mpaka batire litatha.

Tsono laputopuyo inali kudwala mavairasi. Ukaiyatsa unkatha kukatunga madzi n'kubwera isanadzuke. Ndinadzipereka kuti ndiichiza, osanena kuti ndikufuna poyesera.

"Aphunzitsi, chitani zonse," anatero a Mwale, "koma mayi ali m'menemo. Musawasokoneze."

"Madala, izi tinachita kuphunzira. Nyimbo sizikhudzidwa n'komwe."

Tinapita nayo pasenta, kwa wometa, poti m'pamene panali magetsi. Anthu anadzaza pakhomo, ena atametedwa mbali imodzi. Ndinalowetsa chimbale chija ndipo makina anachilandira bwinobwino. Apa ndiye panali poimira, chifukwa chimene ndinkafuna kudziwa ndinali nditachidziwa. Koma maso a anthu ndi mowa. Ndinati tiikiretu basi.

Makina anandifunsa ngati pulogalamu yatsopanoyi igawane malo ndi zakale, kapena itenge malo onse. Ine ndinaganiza ngati munthu wosesa m'nyumba: umachotsa zinyalala, mipando imatsala. Ndinasankha malo onse. Panabwera chenjezo lalitali, ndipo ndinaona kuti ndikayamba kuliwerenga pang'onopang'ono anthu adziwa kuti kanali koyamba.

"Izi amangoopsezera anthu osadziwa," ndinauza wometa uja. Ndinadina.

Kunena zoona, laputopuyo inachira. Inkadzuka ngati mwana wamva fungo la mandasi. A Mwale anamwetulira, n'kukoka mpando.

"Tatiikirani mayi timve."

Ndinatsegula apa, mbee. Ndinatsegula apo, mbee. Ndinawauza kuti nyimbo zimachedwa kukhazikika pamalo atsopano (Mulungu andikhululukire, anandikhulupirira), n'kupempha kuti ndipite nayo kunyumba.

M'mawa mwake ndinathamangira pa boma kukafuna situdiyo ija. Ndinapeza akugulitsamo feteleza. Mwini wake anali atasamukira ku Zambia, ndipo palibe ankadziwa kumene. Ndinaimbira mnzanga wa ku maphunziro kuja, amene anangofunsa kuti, "Sunayambe wakopera kaye?" Anali asanamalize kuseka pamene mayunitsi anandithera.

Lamlungu ndinadwala malungo. Lamlungu linalo malungowo anakula. Mkazi wanga anati aka kanali koyamba kuona malungo ogwira tsiku la tchalitchi lokha, Lolemba munthu n'kudya mbale ziwiri. Ndiye masana a Lamlungu lachiwirilo ndinamva nyimbo ikubwera kumsewu. Kwaya yonse, a Mwale ali patsogolo, inabwera kudzazonda wodwala. Anandibweretsera nthochi ndi mtedza, anandiimbira, anandipempherera ine ndili m'bulangete, wathanzi ngati ng'ombe. Sindinayambe ndadzionapo wonyozeka chotero.

Ena atatuluka ndinawagwira dzanja a Mwale.

"Madala, sindikudwala. Nyimbo zija ndinafufuta. Zonse."

Anangoyang'ana pansi. Ndinkalakalaka atandikalipira.

"Chabwino, aphunzitsi," anatero. "Tinawaika kale m'manda. Kungoti ndimayesa mawu okha atsala."

Anatenga chipewa chawo n'kupita. Sabata imeneyo ndinadwaladi.

Kumapeto kwa mwezi ndinapita pa boma kukalandira malipiro. Ndili pasiteji kudikira minibasi, ndinamva mawu amene anandiimitsa tsitsi. Anali a Nangozo, akuyambitsa nyimbo yawo ija ya ulendo wa ku Kanani. Mawuwo ankachokera pa sipika ya botolo sitolo, ndipo madalaivala awiri a mathiraki ankavina, mabotolo ali m'manja. Ndinalowa ngati wamisala. (Mkulu wa mpingo wina anandiona ndikulowa, koma imeneyo ndi nkhani ina.) Wogulitsa mowa anandilozera kumene anagula chimbalecho: kwa Yotamu.

Yotamu anali bambo wa kashopu koberna nyimbo kuseri kwa msika. Miyezi ingapo m'mbuyomo ndinali nditamuimirira pakhomo pake, makasitomala akumva, n'kumuuza kuti ntchito yake ndi umbava. Tsopano ndinafika chipewa chili m'manja.

"Aa, abusa a zaulere," anatero. "Lero mwabwera kudzatimanga?"

Ndinamufotokozera zonse. Anaseka mpaka anakhala pansi. Kenaka anaulula kuti a Mwale anabweretsapo laputopuyo kwa iye kuti aichotse mavairasi, ndipo iye atamva nyimbozo sanapirire.

"Ine chilichonse cholowa muno ndimayamba ndakopera, aphunzitsi. Zimenezi zikuyenda kwambiri. A mathiraki atenga, za ku Chipata zatha kangapo. Kumaliro kumeneko akuimba zomwezi."

Anandibernera zimbale ziwiri, ndalama anakana. Anangoti ndikadzalalikiranso ndizidzamutchula m'pemphero.

Ndinanyamula laputopu ija n'kukawapeza a Mwale akusoka fodya m'chigafa. Tinakhala pakhonde, ndinalowetsa chimbale mu laputopu yawo ija, ndipo a Nangozo anayamba kuimba. Sindinawayang'ane kumaso, poti mwamuna mnzako akamalira umayang'ana nkhuku. Nyimbo itatha ndinawauza kumene ndinaipeza, osabisa za botolo sitolo. Ndinkayembekezera kuti akwiya, mwina atenga njinga kupita kupolisi.

"Mwati mpaka ku Chipata?" anafunsa.

"Mpaka ku Chipata, madala."

Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Mayiwa moyo wawo wonse sanaolokepo malire. Ine ndimawatsekera m'makinamu kuti angabedwe, kani anzanga ali pa ulendo." Kenaka anati: "Kamuuzeni Yotamuyo alembe dzina lawo pachikuto. Anthu azidziwa akuimbayo."

Dzinalo linalembedwa, ndipo aliyense wa m'kwaya analandira chimbale chake. Ndimawathokoza a Mwale, amene sananditchulepo nkhaniyi pagulu ngakhale kamodzi. Ndimamuthokozanso Yotamu, ngakhale pakamwa pamalemera. Laputopu ya ku Chipata ija ndinagula, Linux ndinaika ndekha, ndipo masiku ano sindikhudza makina a munthu ndisanakopere zake pawiri. Koma kuwerenga chenjezo mpaka kumapeto anthu akundiyang'ana, pamenepo mundipempherere, sindinachirebe.