Beringi inandiiwalitsa apongozi

Ndikanadziwa kuti kufufuza beringi kungagwedeze banja langa, ndikanangoisiya izilira mpaka tayala litachoka lokha.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ku Chitipa kuno ndinabwera kudzaphunzitsa, kenako ndinakwatira mwana wa ku Misuku. Apongozi anga aakazi anavomera ukwatiwo monyinyirika, chifukwa wina anawauza kuti Angoni a ku Ntcheu mowa timamwa ngati madzi. Ine sindilawa n'komwe, ndipo kuyambira tsiku la ukwati ndakhala ndikuyesetsa kuti mayiwa akhulupirire zimenezi.

Ndili ndi pikiapu yokoka matayala onse anayi, imene ndinagula kwa munthu wina wogulitsa khofi. Ndi yokalamba, koma ndimaikonda moti mkazi wanga amaitcha mkazi mnzake. Nthawi imeneyo inali itayamba kulira kutsogolo, ka "wuuu" komakula ukathamanga. A Sichali, makaniko wanga wa pa boma, anati ndi beringi, kachitsulo kamene tayala limazungulirapo, koma tidziwe kaye ya mbali iti.

"Asambizi, mukafika pa tala popanda magalimoto, muzikhotera uku ndi uku pang'onopang'ono," anatero (kuno mphunzitsi amamuti asambizi). "Ikalira chomene mukakhotera kumanzere, ndiye kuti yakumanja ndiyo yafwa."

(Mawu akuti pang'onopang'ono ndinadzawakumbukira mochedwa.)

Sabata yomweyo mkazi wanga anabereka mwana wathu woyamba, ndipo anandituma kukatenga amayi ake. Nditafika ndinagwada, moni wanga wa Chindali, "Mwaghona," ndinamutchula bwinobwino, kenako ndinawatsegulira chitseko chakutsogolo. Anakana. Mpongozi sakhala mpando umodzi ndi mkamwini. Anayala chitenje kumbuyo n'kukhala pamodzi ndi dengu la ufa wa phala la mayi wa mwana, nkhuku yomanga miyendo, ndi mikoko ya nthochi imene inatseka galasi lonse lakumbuyo.

Potsika mapiri ndinayendetsa ngati ndanyamula mazira. Pamsewu wafumbi beringi simveka, chilichonse chimangolira gobedegobede. Koma titangoponda tala, kunja kuli zii, ka "wuuu" kaja kanayamba. Msewu unali mbee. Mumtima ndinati mwayi ndi uwu.

Ndinakhotera kumanzere, kenako kumanja. Sindinamve bwino. Ndinawonjezera moto, ndinatsitsa galasi n'kutulutsa mutu. Kumanzere! Kumanja! Ndinaona kuti ndikukhota mwaulemu kwambiri, ndiye ndinayamba kupinda chiwongolero mwamphamvu, kuchokera m'mphepete mwa msewu kukafika m'mphepete mwina. Pamenepo inayankha momveka.

"Yakumanja!" ndinakuwa ndekha, n'kuimba hutala chifukwa cha chimwemwe.

Ndinaima mwadzidzidzi n'kutsika. Ndinagwira pakati pa tayala, panali potentha. Ndinagwada n'kununkhiza, fungo la girisi wopserera. Kenako ndinalikumbatira tayalalo n'kumaligwedeza monga amachitira a Sichali (iwo amayamba anyamula galimoto ndi jeke, ine ndinkangolimbana ndi pikiapu yonse). Ndili chikumbatirire choncho, nkhuku inalira pamwamba panga.

Ndinakweza maso. Apongozi anali mbuu ndi ufa kuyambira pa duku mpaka kumapazi, dzanja lina ku chitsulo, lina litapanira nkhuku pachifuwa. Nthochi zinali paliponse. Njira yonseyo sanamenye denga, chifukwa manja onse anali pa ntchito, komanso mkamwini sakalipiridwa pamsewu. Anangondiyang'ana, kenako anayang'ana kumapiri kumene tinachokera. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Kunyumba anayamba asamba, ananyamula mdzukulu wawo, kenako anayankhula motsitsa ndi mwana wawo m'Chindali. Posakhalitsa mkazi wanga ananditsatira pakhonde.

"Bambo a mwana, tapumirani kuno."

Ndinapuma. Ananunkhiza kawiri.

"Amama akuti mwaledzera. Akuti mumaimba hutala popanda munthu, ndipo mumapsompsona tayala. Akuti ndilongedze, ine ndi mwana tikakhale ku Misuku mpaka mutasiya."

Apa mantha anandigwira zenizeni. Mwana ndinali ndisanamuone n'komwe mokwanira. Ndinathamangira kwa a Sichali, amene anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anandipepesa kuti "Pole, asambizi," n'kulowetsa jeke. Anamasula tayala, anatulutsa beringi ija, girisi atauma gwa, mkati muli zipserazipsera. Anaika yatsopano, ine yakaleyo ndinaikulunga m'pepala n'kupita nayo kunyumba ngati mboni.

Ndinakhala pansi chapakhomo, n'kuikankhira pamphasa. Ndinafotokoza zonse, mkazi wanga akumasulira: kulira kwake, malangizo a makaniko, kumanzere ndi kumanja. Apongozi anaitembenuza ndi chala. Kenako anafunsa mwana wawo, koma m'Chichewa, kuti ine ndimve ndekha.

"Ndiye sanamwe?"

"Olo dontho, amama."

"Mutu unali makora?"

"Unali bwinobwino."

"Nanga ine amaganiza kuti ndili kuti?"

Mkazi wanga anandiyang'ana. Bodza linandithawa. Ndinayankha ndikuyang'ana pansi kuti ndinawaiwala.

Mwana ankangoyamwa. Apongozi anapukusa mutu nthawi yaitali.

"Mwana wane, bola akanamwa," anatero. "Mowa kukacha umatha m'mutu. Nanga izi tidikira kuti zithe liti?"

Mkazi wanga ndiye anayamba kuseka, atagwira pamimba chifukwa panali pakadapweteka. Apongozi analimbalimba, koma nawo anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinadziwa kuti palibe amene alongedze. Madzulo anaphika nkhuku ija, ndipo nthuli yabwino anatumiza kwa ine. Kunena zoona, mayiwa ndinayamba kuwakonda kwambiri tsiku limenelo.

Pobwerera kwawo anakwera njinga yamoto, ndipo sindinawakakamize. Zimene ndinkafuna zija zinatheka ndithu: masiku ano munthu akangoyerekeza kunena kuti mkamwini wa ku Ntcheu ndi chidakwa, iwo ndi amene amaimirira kunditeteza. Mlamu wanga anandiuza mawu amene amanena, ndipo sindikudziwa ngati ndithokoze.

"Mkamwini wanga samwa," amatero. "Ndi mmene alili basi."