Chingerezi Chopachika pa Tiyi

Lolemba
Loweruka kuli mtsutso wa Chingerezi ndi sukulu ya ku Masambanjati. Ahedi akuti tikagonjanso, kalabu ya Chingerezi andilanda. Kugonja ndani? Ine?
Vuto la ana anga ndi mawu. "Good", "bad", basi. Koma nzeru ndaipeza. Onse amadutsa m'munda wa tiyi pobwera kusukulu. Ndikulemba mawu akuluakulu pa timapepala, tanthauzo kuseri, n'kupachika pa tiyi m'mbali mwa njira. Nevertheless. Detrimental. Aziwerenga akuyenda. Mutu uwu!

Lachiwiri
Chiperoni. Inki yonse yasungunuka. Palibe kanthu.

Lachitatu
Zofunika: jumbo yakuda, sizasi, ulusi wofiira kuti zizioneka patali. Kapepala kalikonse ndikukakulunga bwinobwino. Mwana azimasula, awerenge, amangenso. Ndikumangirira mbandakucha kuti ndisachedwe kuntchito. Zokongola bwanji!

Lachinayi
Amayi othyola tiyi akana kulowa mizere ya kunjira. Madengu ali pansi. Akuti wina watchera mankhwala kuti manja awo aume. Akapitawo akukalipa, koma nawonso aima pataliko. Mayi wina akuti: "Tinawaona aphunzitsi kusanache, akumanga uku akuyankhula okha." Ndimayeserera katchulidwe, anthuni!
Mawa ndiwafotokozera. Amvetsa.

Lachisanu
Ndikumasula kajumbo kamodzi onse akuona, n'kuwerenga mokweza: "Preposterous!" Anthu balala! Akulu ampingo akutola tonse ndi ndodo. Parafini, moto, nyimbo. Makolo aletsa ana kukwera nane galimoto. Atsala awiri. Awiri akwana.

Loweruka
Esinati, mmodzi wa awiri aja, amene ndimadalira, akuimirira: "It is bad. Very bad." N'kukhala pansi. Tagonja. Aphunzitsi a ku Masambanjati akukana kundipatsa moni wa m'manja. Ahedi osandiyang'ana n'komwe: "Lolemba mubweze makiyi a kalabu." Zikundiwawa, ndisaname.

Lamulungu
Kutchalitchi benchi yonse ndi yanga ndekha. Potuluka, mmodzi wa amayi othyola tiyi aja akundigwadira kuseri, monong'ona: "Aphunzitsi, mwana wanga akulemba mayeso a folomu folo. Mundigawireko kajumbo kamodzi kokha." Ndikufotokoza kuti ndi mawu chabe a Chingerezi. Akuvomera ndi mutu: "Ndamva, aphunzitsi. Ndibwera kukakhala kulibe anthu."
Kalabu yapita, ndavomereza. M'Thyolo yonse muno Chingerezi changa chapeza munthu mmodzi wochifuna, ndipo akufuna akachimange mwana m'chiuno.