Kamzere ka Mtundu wa Phulusa

Lolemba
Vuto ndi lomwe lija. Kompyuta ya bungwe lathu la alimi a manachesi ikamasanja mayina motsatira alifabeti imangoti zii kwa mphindi makumi anayi. A Nachisale, alembi athu, amayesa yafa, n'kuizimitsa pakhoma. Ntchito yonse kuyambiranso! Lachisanu alimi a ku Thambani ndi Kanduku akubwera kudzalandira mbande, ndipo amene sali pamndandanda salandira. Nzeru yanga: kamzere koyenda pasikirini, kosonyeza pamene ntchito yafika. Munthu akamaona kuti zikuyenda, mtima umakhala m'malo.

Lachiwiri
Kamzere katheka, kabuluu. A tcheyamani: "Mtundu umenewo ndi wa chipani, achimwene. Mutiyambanitsa ndi anthu." Ndikuyesa ina:
chikasu, chipani
olenji, chipani
wobiriwira, akuti nawonso ndi wokayikitsa
Tagwirizana pa mtundu wa phulusa.

Lachitatu
Kakuyenda bwino mpaka 99, kenako kaima mphindi khumi. Chifukwa chake n'chosavuta: pamenepo kompyuta imaonanso ngati dzina lililonse lalowa. Ndikufotokoza kawiri, mpaka kujambula pabolodi. A Nachisale: "Ndi kondakitala wa minibasi ameneyu. 'Watsala mmodzi, mayi!' Mpaka dzuwa kupendeka." Komabe alonjeza kuti sazimitsa isanalembe kuti yamaliza.

Lachinayi
Mawa kubweranso alendo a ku Blantyre amene anatipatsa kompyutayi. A tcheyamani: "Asaone chinthu chitaima. Kathamange kafike 100, zotsalazo tidzaona. Mlatho wa kwathu anautsegulira usanathe, anthu anavina." Ndikukana mwaulemu. Ndikukananso. Mapeto ake ndakasintha kamzereko. Tsopano m'mphindi zitatu kamalemba kuti "Zatheka!", mkatimo ntchito ikadali pa a Banda. A Nachisale ndiwachenjeza mawa m'mawa.

Lachisanu
Sindinawachenjeze, ndinali panja kuyala mipando. Alendo m'manja phuphuphu: "Koma liwiro!" A Nachisale, wophunzira wanga wabwino, aona "Zatheka!", asindikiza, azimitsa, aifunditsa kansalu. Mndandanda wafika m'manja mwa a tcheyamani: a Banda okhaokha ndi a Bwanali awiri. Pofuna kuyambiranso, magetsi athima! A Banda akumanga mbande panjinga. A Phiri onse akubwerera ndi madengu opanda kanthu.

Loweruka
Kumsika ndakumana ndi a Zimba a ku Thambani, omwe anagona kwa mlongo wawo podikira. "Kodi aphunzitsi, kuti tilandire tiyambe tasintha dzina?" Ndayamba kufotokoza za kamzere. Andisiya ndili pakati.

Lamulungu
Pochokera kutchalitchi ndadzera ku ofesi, ndachotsa kamzere. Pa swichi ya pakhoma ndamata selotepi kuti wina asazimitse. Titsatira njira ya a Nachisale, yomwe atulukira okha: kuika khutu pakompyuta. Ikamalira ngati thiraki ya ku Mozambique pachitunda, isiyeni.
A Zimba aimba foni, akufunsa kuti mndandanda wafika pati. Ndati, "Zatsala pang'ono, bambo."
Aseka. "Watsala mmodzi?"
Ndavomera.