Nkhoswe ya ku Mangalande

Lolemba

Ndafika. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili ku Mangalande, Balaka sanasunthe ngakhale phazi limodzi. Fumbi lomwe lija. Anyamata a kabaza akulimbirana sutikesi yanga ngati nyama ya paukwati. Wina akuti, "Bwana, ku Utale m'pafupi pompa." Pafupi pakepo maola awiri, matako achita kufa dzanzi!

Kwa achemwali anga a Rozina bwalo ladzaza. Aliyense "Amalume, amalume!" Akunditchulira mayina mmodzimmodzi, koma ine maso ali pa sutikesi, mwana wina waikhalira. Mayinawo ndiwamva mawa.

Chimene ndabwerera: Loweruka kuli chinkhoswe cha Esinati, mwana wa achemwaliwa. Ndinamusiya akuyamwa. Nkhoswe yaikulu ndine, malume wake weniweni. Zaka zonsezi mpando wangawu wakhala akuufunditsa ndi mng'ono wanga Fabiano, wogulitsa mbuzi, munthu amene sanamangepo tayi chibadwire. Basi, mwini wake wabwera.

Lachiwiri

Zoti ndikonze anthuwa asanandichititse manyazi:

nthawi (kuno 8 koloko ndi maganizo chabe)
mipando, aliyense akhale polembedwa dzina lake
Fabiano

Madzi osamba amandipatsa ndi mtsikana wantchito wa achemwali. Wachete, zidendene zong'aluka. Amagwada pakhomo, "Amalume, madzi ali kubafa." Dzulo ozizira, lero osupulira nkhuku. Ndamuphunzitsa kuyesa ndi chigongono. Wangoti, "Chabwino amalume." Kuno kuvomera sikuvuta, chovuta n'kumva.

Esinati ndili naye pafoni. Chithunzi anatumiza achemwali chaka chatha: atsikana awiri pa siteshoni ya sitima, wina wawigi ndi magalasi, wina wangoima pambali ngati wasochera. Magazi sanama. Wawigiyo ndiye wathu.

Lachitatu

Ndafunsa achemwali, "Kodi mkwatibwiyo afika liti?" Aseka mpaka kugwira nthiti. "Achimwene, nthabwala zanu zija simunasiyebe?" Wantchito uja nayenso akuseka, tsache lili m'manja. Ndi zimenezotu. Kuno ukafunsa funso amakuyankha ndi mano. Mkwatibwiyo ayenera kuti ali ku Blantyre kogula zovala.

Ndayamba kulemba mawu okalankhula. Masamba anayi. Fabiano akuti nkhoswe siilankhula zambiri. Akuti amabweretsa atsikana ofunditsidwa chitenje, oyambawo amakhala onamizira, iwe n'kumakana mpaka atavundukula mwana wako, ukamuvomera n'kulandira tambala kwa akuchimuna. Kundiphunzitsa ine! Ine amene kunyumba yosamalira nkhalamba kumene ndimagwira ntchito ndimadziwa dzina la mzungu aliyense, mankhwala ake, ngakhale dzina la galu wake amene anafa kalekale.

Lachinayi

Abwera akuchimuna kudzamva dongosolo. Asodzi a ku Chiuta, ku Machinga. Andilonjera m'Chiyao. Chiyao changa ndinachisiya pabwalo la ndege, ndiye ndayankha m'Chingerezi. Kuyambira pamenepo chilichonse akufunsa Fabiano.

Zimene zakanidwa lero:

mapepala a mayina pamipando (achemwali: "Nanga okhala pamphasa tiwamata pamsana?")
kuyamba 10 koloko
masamba atatu mwa anayi aja

Suti yanga wasita ndi wantchito uja, ndi simbi yamakala. Ndaima pambali mpaka wamaliza, mtima uli m'mwamba. Sanawotche, ndisaname. Ndamupatsa masokosi amene anatigawira m'ndege. Wawayang'ana nthawi yaitali. Mwina sanaonepo otero.

Wotchi imene ndamugulira mkwatibwi ili pansipansi m'sutikesi. Imeneyo ndipereka ndekha m'manja.

Lachisanu

Madzi osamba kulibe! Akuti mtsikanayo wapita ku Balaka kokonzetsa tsitsi. Dziko latha ili. Wantchito kusiya alendo osasamba n'kupita ku saluni, chinkhoswe cha eni!

Masana wafika wawigi uja. Ndamudziwira patali. Kayendedwe kake ndi ka malemu mayi athu enieni. Ndamuitanira kuseri kwa nkhokwe, ndamuveka wotchi. Walandira ndi manja awiri, osafunsa kanthu. Mwana woleredwa bwino. Misozi inatsala pang'ono kugwa, koma ndinadzigwira.

Fabiano akuti, "Achimwene, mwacheza naye mwanayu sabata ino?" Ndati tamvana kale. Iye amvane ndi mbuzi zake.

Loweruka

Chayamba 1 koloko. Suti yaubweya, dzuwa la ku Utale. Thukuta mpaka m'nsapato.

Amayi akuimba, abweretsa woyamba atamufunditsa chitenje. Avundukula. Wawigi, wotchi yanga ili pamkono! Woyendetsa mwambo akuti, "Ankhoswe akuchikazi, mwana wanu ndi ameneyu?" Ndaimirira, ndakonza tayi. "Ndi yemweyu. Magazi anga enieni." Bwalo lonse kuseka, nthungululu, amayi ena kugwa pamphasa. Akuchimuna akuombera m'manja, "Ankhoswewa ndi anthabwala!" Ndikudabwa bwanji akumuchotsa.

Wachiwiri ndakana, sindikumudziwa.

Wachitatu. Nyimbo zakula, achemwali akuvina akulira. Avundukula. Wantchito uja, tsitsi loluka, diresi latsopano, maso ali pa ine. Akumwetulira.

"Nanga uyu, ankhoswe?"

Ndakweza mawu kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Iyayi! Uyu ndi wantchito wa achemwali."

Ena anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga anasiya. Ng'oma yokha inapitirira pang'ono. Mtsikanayo wagwetsa nkhope. Achemwali agwira pakamwa.

Fabiano waimirira, malaya ake osapisira aja. "Mwana wathu ndi ameneyu. Dzina lake Esinati. Ndinamuperekeza ndine tsiku loyamba kusukulu."

Tambala walandira ndi Fabiano. Tsamba langa lotsala lija ndapukutira thukuta.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Akuti nkhani yafika kale mpaka kwa Kalembo. Wawigi uja ndi mnzake wa Esinati wa kwaya, wabwerera kwawo m'mawa, wotchi ndi yake tsopano. Aisunge. Mwina mmodzi m'boma lino adziwa nthawi.

Achemwali sakundiyankhula. Fabiano wabwera kudzandiona, sananene kanthu za dzulo, wangofunsa ngati ndagona bwino. Bola akanandinyoza.

Ndakhala pakhonde ndikutchula mayina a nkhalamba zanga za ku Mangalande. Onse ndikuwakumbukira, ndi agalu awo omwe. Palibe mmodzi amene anagwadapo pakhomo panga.

Ndimati lero ndisamba ozizira, ndikatunge ndekha. Kenaka ndamva "Odi." Mtsikana uja wagwada pamalo pomwe paja, maso ofiira.

"Amalume, madzi ali kubafa. Ndayesa ndi chigongono."

Wadzuka, wayenda pang'ono, watembenuka.

"Amene wabweretsa ndi Esinati."