Ng'ombe ya Nyanga Imodzi pa Miphika ya Akazi Anga

Lolemba
Aphunzitsi a Jafali abwera kudzatenga chidindo cha sukulu, andionetsa zithunzi pafoni. Zidindo zamwala za anthu akale a kumtsinje wa Indasi, uko ku Pakisitani. Zaka zikwi zinayi! Kamwala kosakwana bokosi la machesi, koma muli ng'ombe ya nyanga imodzi, makwinya a pakhosi kuoneka lililonse palokha. Pamwamba malemba oti mapulofesa mpaka lero akukanda nawo mitu. Ine, wosema zidindo wamkulu kuyambira Ulongwe mpaka Balaka, ndavula chipewa.
Akuti ankadinda pa dongo. Dongo ndiye lili pakhomo, akazi anga amaumba miphika. Loweruka miphikayo ilowa mumsika ndi chidindo changa.

Lachiwiri
Zida: lezala, sipoko ya njinga, msomali, mwala wa kudambo. Mwala wakana. Malezala atatu atha, chala chili munsanza. Anzanga a ku Indasi aja analibe ngakhale magalasi. Kaya anali ndi maso angati.

Lachitatu
Mwala ndaukhululukira. Ndabwerera ku mphira wa tayala, mnzanga wakale. Ng'ombe yatuluka. Nyanga yafupika, lezala linaterereka. Miyendo nayo yafupika, malo anatha. Koma mimba ndiye yokhuta bwino.
Akazi anga: "Bambo a Esinati, miphika yanga imagulidwa yopanda zithunzi."
Ndawauza kuti Balaka yense adzachita mzere.

Lachinayi
Akazi anga apita kuchigayo. Miphika ili pamthunzi, idakali yofewa. Ndadinda yonse. Umodzi kawiri, chifukwa cha kukongola. Pobwera angoyang'ana, osayankhula. Chimwemwe chimatseka pakamwa.

Lachisanu
Yauma, awotcha, chidindo chawala. Aneba athu a Che Saidi asuzumira: "Achimwene, kanyamaka ndi kachiyani?" Ndati ng'ombe ya ku Indasi. Achoka akupukusa mutu. Nsanje.

Loweruka
Msika wa Ulongwe. Abiti Yusufu, amene agula kwa akazi anga kuyambira Esinati ali kumsana, atembenuza mphika: "Iyayi, Anaphiri. Ine ndiphikire mumphika wa nkhumba?"
Nkhani yathamanga kuposa minibasi. Asilamu akutilambalala, enawo akuseka mpaka kugwira nthiti. Ndaloza nyanga, akuti ndi khutu. Wagula mmodzi yekha, wootcha nyama ya nkhumba kuseri kwa msika.

Lamulungu
Akazi anga apita okha kutchalitchi. Andisiyira malamulo: mawa kukapepesa kwa Abiti Yusufu, kenaka kukumba dongo latsopano ndi kusenza ndekha, anthu akuona. Likangofika pakhomo, dzanja langa lisalikhudzenso.
Ndayang'anitsitsa chidindo changa. Chabwino, ndi nkhumba. Yonenepa, yokongola, koma nkhumba. Amisiri a ku Indasi aja ndi akuluakulu anga.
Miphika ili pakhonde, zithunzi zayang'ana kukhoma. Mu umodzi nkhuku yayamba kale kuikira. Iyo yokha sinafunse kuti ndi nyama yanji.